Kodi nkoyenera kugona m'hotela yakalekale pakati pa mzinda wa Florence?

Funso: Ndimagwira ntchito ya unamwino ku Leeds, ndipo mwezi wa Juni amayi anga akubwera kuchokera ku Blantyre kudzandiona. Ndikufuna kupita nawo ku Florence, m'dziko la Italy, tikacheze masiku anayi. Ndapeza hotela pakati penipeni pa mzindawu imene ikunena kuti nyumba yake ndi ya zaka za m'ma 1400, koma mtengo wake ndi wokwera kuposa wa mahotela atsopano a kunja kwa mzinda. Amayi ali ndi zaka 68 ndipo amavutika ndi maondo. Kodi ndalama yoonjezerayo ndi yoyenera kulipira, kapena ndingokhala ndikugula dzina?

Yankho: Mayi, ndalamayo ndi yoyenera kulipira, koma musatulutse ngakhale khobidi limodzi musanadziwe chipinda chenicheni chimene amayi anu akagonemo ndi njira imene akayende kuchokera pamsewu kukafika pabedi. Ndathandiza anthu ambiri kukonza maulendo a ku Italy, ndipo madandaulo amene ndimamva kawirikawiri sakhudza ukale wa nyumba ayi, amakhudza chipinda chimene munthu anapatsidwa. M'hotela yatsopano zipinda zimafanana, kotero mukaona chimodzi mwaona zonse. M'nyumba ya zaka 600 simupeza zipinda ziwiri zofanana, ndipo anthu awiri amene alipira ndalama zosasiyana kwenikweni akhoza kubwerako wina akuyamikira, wina akudandaula, chonsecho anagona pansi pa denga limodzi.

Ndiyambe ndi chifukwa chimene ndikukulimbikitsirani kugona pakati pa mzinda. Chigawo chakale cha Florence, chimene bungwe la UNESCO linachiika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 1982, ndi chaching'ono kwambiri. Kuchokera pa siteshoni ya sitima ya Santa Maria Novella kukafika pa tchalitchi chachikulu cha Duomo munthu amayenda mphindi pafupifupi 10, ndipo kuchoka pamenepo kukafika pa mlatho wa Ponte Vecchio ndi mphindi zinanso zotero. Kumapeto kwa Juni kutentha kumapitirira madigiri 30 kawirikawiri, ndipo misewu yake yoyalidwa ndi miyala imasunga kutenthako mpaka madzulo. Munthu wamkulu amene maondo amamuvuta amafunika kutuluka mmamawa kusanatenthe, kubwerera kuchipinda masana kukapumula, kenaka nkutulukanso dzuwa litapendeka. Zimenezi zimatheka pokhapokha bedi lili pafupi. Mukagona kunja kwa mzinda mudzatuluka kamodzi patsiku, amayi adzatopa pofika 2 koloko masana, ndipo theka la tsiku lililonse lidzatayika. Pamasiku anayi, kutaya kotereku nkokwera mtengo kuposa kusiyana kwa mitengo ya zipinda.

Tsopano mawu akuti "hotela yakale" tiwaunike bwino, chifukwa ku Florence amatanthauza zinthu zosiyanasiyana. Pali mahotela amene analowa m'nsanja zakalekale. Hotel Brunelleschi, mwachitsanzo, inaphatikiza nsanja yozungulira yotchedwa Torre della Pagliazza, imene ili m'gulu la nyumba zakale kwambiri mumzindawu. Nthawi ina nsanjayi inali ndende ya akazi, ndipo dzina lake linachokera ku mawu a Chitaliyana otanthauza udzu wouma umene akaidiwo ankagonapo. Pansi pake pali kachipinda koonetsera zinthu za nthawi ya Aroma zimene zinafukulidwa pomwepo. Palinso mahotela amene ali m'nyumba za mabanja olemera kapena za magulu achipembedzo. Palazzo Guadagni, pa bwalo la Santo Spirito, inamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500 ndipo ili ndi khonde lalikulu pamwamba, pamene Loggiato dei Serviti, pa bwalo la Santissima Annunziata, ili m'nyumba imene inamangidwira ansembe a gulu la Serviti, moyang'anizana ndi nyumba yolerera ana amasiye ya Innocenti imene katswiri womanga nyumba Filippo Brunelleschi anayamba kumanga mu 1419. Nyumba zonsezi sizinamangidwe kuti zikhale mahotela, ndipo nkhani yathu yonse yagona pamenepo.

Gulu lina ndi la mahotela amene anamangidwa kapena kukonzedwa ndi cholinga cholandira alendo kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Florence inali likulu la dziko la Italy kuyambira 1865 mpaka 1871, ndipo zaka zotsatira akuluakulu a mzinda anagwetsa msika wakale ndi nyumba zozungulira msikawo nkumanga bwalo limene lero likutchedwa Piazza della Repubblica. Savoy, imene inatsegulidwa mu 1893 pa bwaloli, Helvetia & Bristol ya mu 1885 ndi Baglioni ya mu 1903 pafupi ndi siteshoni, ndi za nyengo imeneyo. Mahotela otere ali ndi mbiri yeniyeni, komanso njira zake zamkati nzotakata ndi zoongoka, chifukwa omanga ankadziwa kuti mudzadutsa anthu ndi katundu. Mudziwenso kuti mu Ogasiti 1944 asilikali a Germany anaphulitsa milatho yonse ya pa mtsinje wa Arno kupatula Ponte Vecchio, koma anagumula nyumba zambiri za kumapeto onse awiri a mlathowo kuti atseke njira. Choncho nyumba zina zoyandikana kwambiri ndi mlatho wotchukawu, zimene mlendo angaganize kuti ndi zakale kuposa zonse, zinamangidwa nkhondo itatha. Kwa amayi anu zimenezi si zoipa konse, popeza nyumba zotero sizikhala ndi masitepe obisika ambiri, koma simuyenera kulipira mtengo wa ukale pa chinthu chimene si chakale.

Hotela imene mwapezayo ikuti ndi ya zaka za m'ma 1400, ndiye kuti mwina ndi palazzo, nyumba ya banja lolemera. Kuti mumvetse chimene mukugula, muyenera kudziwa mmene mabanja amenewa ankakhalira. Pansi penipeni, pamene Ataliyana amatcha piano terra, panali posungira katundu, pochitira malonda ndi bwalo lamkati lolowetsa kuwala ndi mpweya. Mazenera a pansipa ndi ang'ono, okwera ndiponso otchingidwa ndi zitsulo, chifukwa mabanja a ku Florence ankamenyana okhaokha ndipo nyumba inkafunika kukhala ngati linga. Nsanjika yoyamba pamwamba pa imeneyo ndi piano nobile, kumene mwini nyumba ankakhala ndi kulandirira alendo. Kumeneko nkumene kuli zipinda zazitali kudenga, mazenera akuluakulu, mitanda yojambulidwa ndi zithunzi zopakidwa pakhoma, ndipo chithunzi chimene chinakukopani pa intaneti chiyenera kuti chinajambulidwa kumeneko. Mukakwera kupitirira apo denga limayamba kutsika, ndipo pamwamba penipeni, pansi pa matailosi, panali pogona antchito ndiponso nthawi zambiri khitchini, imene ankaiika kumwamba poopa moto ndi utsi. Zipinda za pamwambazo nzimene zimatentha kwambiri m'chilimwe.

Pamene nyumba yotere isanduka hotela, chipinda chimodzi chachikulu cha piano nobile chikhoza kusiyidwa chathunthu nkugulitsidwa pa mtengo wapamwamba, china nkugawidwa pawiri kapena patatu, ndipo timalo ta antchito timasanduka zipinda za mtengo wotsika. Mukasankha chipinda chotsika mtengo kwambiri m'nyumba yotchuka, nthawi zambiri mumapatsidwa kachipinda kopapatiza koyang'ana khoma, kopanda chilichonse chosonyeza zaka za nyumbayo. Ine ndimaona kuti nkwabwino kutenga chipinda chabwino m'hotela yaing'ono ya nyenyezi zitatu kusiyana ndi kutenga chipinda chotsiriza m'hotela ya nyenyezi zisanu. Nyenyezizo, ndinene pano, zimaperekedwa motsatira malamulo a chigawo chilichonse cha Italy ndipo zimayeza zinthu monga kukula kwa zipinda, maola a polandirira alendo ndi ntchito zimene hotela imapereka. Kukongola kwa chipinda chanu ndi kuchuluka kwa masitepe nyenyezi sizikuuzani.

Nkhani ya masitepe ndi imene ndikufuna muiganizire kwambiri. Nyumba zambiri zakale za ku Italy zimatetezedwa ndi lamulo la mu 2004 losamalira chuma cha chikhalidwe, ndipo mwini wake sangaboole khoma, kuchotsa masitepe kapena kusintha zenera popanda chilolezo cha ofesi ya boma yotchedwa Soprintendenza. Lamuloli ndi limene lachititsa kuti Florence ikhalebe yokongola, ndipo ndimalilemekeza, koma zotsatira zake amazimva ndi mlendo wovutika miyendo. Chikepe chimaikidwa pamene pali mpata, osati pamene chikufunikira. Nthawi zina chimakhala chaching'ono moti mumalowa anthu awiri opanda sutikesi. Nthawi zina chimayambira pamwamba pa masitepe angapo a pakhomo, kapena chimathera nsanjika imodzi musanafike kuchipinda. Mahotela ambiri anapangidwa polumikiza nyumba ziwiri kapena zitatu zoyandikana zimene nsanjika zake sizilingana, kotero m'njira yopita kuchipinda mumakwera masitepe atatu apa, nkutsika anayi apo. Palinso mahotela ang'onoang'ono amene ali pa nsanjika yachiwiri kapena yachitatu yokha ya nyumba, pansi pake pali maofesi kapena mabanja ena. Kumbukiraninso kuti masitepe a palazzo ndi aatali, chifukwa nsanjika imodzi ya nyumba yotere ikhoza kutalika ngati ziwiri za nyumba zamakono.

Ndinaphunzira zimenezi mowawa. Chaka china ndinasungitsira chipinda bambo wina wachikulire ndi mkazi wake m'hotela ina yaing'ono ya kutsidya kwa mtsinje, nditangowerenga kuti ili ndi chikepe. Chikepecho chinalipodi, koma kuti munthu achifike ankayenera kukwera kaye masitepe a miyala kuchokera pachipata, ndipo bamboyo, amene ankayenda ndi ndodo, anasankha kusatuluka madzulo onse poopa kukweranso. Ulendo umene ana awo anausonkhera kwa nthawi yaitali unafupika chifukwa cha funso limodzi limene sindinafunse. Kuyambira pamenepo sindivomera yankho lakuti "chikepe chilipo" popanda manambala.

Choncho lemberani hotelayo imelo musanalipire, ndipo m'Chingelezi adzakumvani bwinobwino. Afunseni kuti pali masitepe angati kuchokera pamsewu kukafika pachikepe, ndi angati kuchokera pachikepe kukafika pakhomo la chipinda chimene akupatseni. Afunseni ngati chipinda chodyeramo chakudya cha mmawa chimafikika ndi chikepe chomwecho, chifukwa m'nyumba zina chili pansi pa nthaka kapena pakhonde la padenga. Afunseni ngati m'bafa muli shawa yongolowa kapena muli bafa lalitali limene munthu amayenera kulidumpha, popeza kwa munthu wa maondo kumeneko nkumene ngozi imachitikira. Pemphani zithunzi za chipinda chenichenicho ndi kukula kwake m'masikweya mita, ndipo akavomera, apempheni alembe nambala kapena dzina la chipindacho pa kalata yotsimikizira malo. Mahotela ang'onoang'ono oyendetsedwa ndi mabanja amachita zimenezi mosavuta mukalankhula nawo mwachindunji, zimene simungazipeze mukangosungitsa kudzera pa makampani a pa intaneti. Ena amapereka chipinda cha pansi kwa alendo ovutika kuyenda. Chilandireni ngati chili ndi zenera loyang'ana kubwalo lamkati, koma funsani za kuwala ndi chinyezi. Pa 4 Novembala 1966 mtsinje wa Arno unasefukira ndipo madzi anakwera kupitirira mamita 4 m'misewu ina ya kufupi ndi tchalitchi cha Santa Croce, monga zikusonyezera timiyala tolembedwa timene mudzationa pamakoma. Zipinda za pansi m'madera amenewo zinakonzedwanso pambuyo pake, choncho musayembekezere kupezamo zokongoletsa zakale zambiri.

Kenaka pali kusankha pakati pa maonekedwe ndi tulo. Chipinda choyang'ana kubwalo lotchuka kapena kumsewu chimasangalatsa masana, koma misewu ya Florence ndi yopapatiza, makoma ake ndi amiyala, ndipo mawu a anthu, njinga zamoto ndi magalimoto otola zinyalala amamveka ngati ali m'chipinda momwemo. Bwalo la Santo Spirito, lokongola monga lilili, limadzaza ndi achinyamata mpaka usiku kwambiri m'chilimwe. Mabelu a matchalitchi amayamba mmamawa, ngakhale ndikukhulupirira kuti amayi ochokera ku Blantyre, amene anazolowera kudzuka kusanache, sadzadandaula nawo. Kwa munthu wamkulu ine ndimasankha chipinda choyang'ana kubwalo lamkati, nkusiya maonekedwe a mzinda kuti mukawaonere pakhonde la pamwamba ngati hotelayo ili nalo. Denga lalikulu lofiira la Duomo, limene Brunelleschi analimanga pakati pa 1420 ndi 1436, limaoneka bwino kuchokera pa makonde ambiri otere, ndipo amayi adzaliona atakhala pampando m'malo mokwera masitepe ake 463.

Pa za kutentha, makoma ochindikala amathandiza, makamaka mukamatseka zitseko zamatabwa za pazenera masana monga amachitira eni mzinda, koma mu Juni musadalire makoma okha. Funsani ngati chipindacho chili ndi makina oziziritsira amene mungawayatse ndi kuwazimitsa nokha, chifukwa m'nyumba zina zakale makinawo amayendetsedwa pamalo amodzi ndipo amayatsidwa hotela ikaona kuti nyengo yakwana. Mukagona zenera lili lotsekula mudzalumidwa, pakuti Florence ili ndi udzudzu wambiri m'chilimwe. Auzeni amayi asade nkhawa ndi malungo, chifukwa Italy inalengezedwa kuti ilibe matendawa mu 1970, koma mankhwala odzola othamangitsa udzudzu atengeni ndithu.

Kafikidwe kake nakonso kakonzedwe. Musabwereke galimoto. Pakati pa Florence ndi dera lotchedwa ZTL, kumene magalimoto opanda chilolezo saloledwa pa maola oikika, ndipo makamera a pa zipata amajambula nambala ya galimoto iliyonse. Hotela ikhoza kulembetsa nambala yanu kuti mutsitse katundu, koma pakalakwika kanthu chindapusa chimakupezani kunyumba patapita miyezi. Mukatera pa bwalo la ndege la Florence, sitima ya mumsewu ya T2 imafika pafupi ndi siteshoni yaikulu m'mphindi pafupifupi 20, ndipo mukachokera ku Rome sitima yothamanga imatenga pafupifupi ola limodzi ndi theka. Kuchokera pa siteshoni kwerani takisi ngakhale mtunda ukuoneka waufupi, chifukwa matakisi amaloledwa kulowa m'derali, ndipo kukoka sutikesi pamiyala, m'mbali mwa msewu mopapatiza, uku mukugwirizira amayi, ndi chiyambi choipa cha ulendo. Funsani hotela ngati takisi imafika pakhomo penipeni. Tengani masutikesi ang'onoang'ono awiri m'malo mwa imodzi yaikulu, poganizira kukula kwa chikepe chija.

Pa ndalama, dziwani kuti mtengo umene mukuona nthawi zambiri suphatikiza msonkho wa mzinda wotchedwa imposta di soggiorno, umene umalipidwa pa munthu aliyense usiku uliwonse ndipo umakwera malinga ndi nyenyezi za hotela. Mu 2023 unafika ma euro 8 pa hotela ya nyenyezi zisanu, choncho funsani mlingo wa chaka chino nkuuwerengera anthu awiri kwa masiku onse anayi. Masiku amene mwasankha mu Juni akhozanso kusintha mtengo kwambiri. Chapakati pa mweziwu kumachitika chionetsero cha zovala za amuna cha Pitti Uomo, chimene chimadzaza mahotela, ndipo pa 24 Juni ndi tsiku la Yohane Mbatizi Woyera, nkhoswe ya mzindawu, pamene kumakhala chikondwerero ndi makombola owala usiku m'mbali mwa mtsinje. Ngati amayi angakondwe kuona chikondwererocho, sungitsani malo msanga, koma ngati mukufuna bata ndi mtengo wotsikirapo, sankhani sabata ina.

Mukafika adzakupemphani mapasipoti a nonse awiri. Musadabwe, chifukwa lamulo la Italy limalamula malo onse ogona kutumiza maina a alendo ku polisi pasanathe maola 24. Onaninso ngati malo amene mwapezawo akudzitcha albergo, kutanthauza hotela yeniyeni, kapena residenza d'epoca, dzina limene ku Tuscany, chigawo chimene muli Florence, limaperekedwa kwa malo ogona a m'nyumba za mbiri yakale. Malo a mtundu wachiwiriwu akhoza kukhala okongola kuposa mahotela, koma ambiri sakhala ndi wantchito usiku wonse, ndipo poyenda ndi kholo ine ndimafuna kuti pakhale munthu woti nkumuitana pakati pa usiku. Malo onse ovomerezeka ayenera kuonetsa nambala ya boma yotchedwa CIN pa zotsatsa zawo, ndipo mukapanda kuiona chenjerani. Viza ya ku Britain ya amayi siwalowetsa ku Italy. Akufunika viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Italy, imene mwa zina imafuna umboni wa malo ogona ndi inshuwalansi ya zaumoyo yosachepera ma euro 30,000, ndipo nkwabwino aipemphe asananyamuke kumudzi. Pa chifukwa chimenechi sankhani mtengo wolola kubweza ndalama mukasintha maganizo, ngakhale uli wokwererapo, kufikira viza itatuluka.

Tinthu tina tating'ono timavutitsa anthu akwathu kuposa mmene amayembekezera. Mapulagi a ku Malawi ndi a ku Britain salowa m'masoketi a ku Italy, ndipo m'zipinda zakale masoketi amakhala ochepa, choncho tengani maadaputa awiri. Ketulo sipezeka m'zipinda zambiri, chifukwa Ataliyana amamwera khofi wawo kubala ataimirira, ndiye ngati amayi sayamba tsiku popanda tiyi, pemphani ketulo mu imelo yomweyo. Chakudya cha mmawa m'mahotela ang'onoang'ono chimakhala chopepuka, makamaka khofi ndi tizakudya totsekemera, ndipo buledi wa ku Tuscany amaphikidwa wopanda mchere, zimene zimadabwitsa ambiri tsiku loyamba.

Ndikanakhala ine, ndikanayang'ana chipinda cha pa piano nobile kapena nsanjika yotsatira, choyang'ana kubwalo lamkati, m'nyumba imene chikepe chake chimayambira pamsewu penipeni, m'dera la pakati pa siteshoni, Duomo ndi bwalo la Santissima Annunziata, kumene malo ndi athyathyathya ndipo takisi imafika mosavuta. Ngati hotela imene mwaipezayo yakuyankhani ndi manambala a masitepe ndi zithunzi za chipinda, ndipo manambalawo amayi angawathe, lipirani mosakayika. Ikangoyankha kuti nyumba yawo ndi yokongola ndipo alendo onse amaikonda, isiyeni, mulembere imodzi mwa mahotela a zaka za m'ma 1800 aja kapena ina yaing'ono yoyandikana nawo, ndipo muifunse mafunso omwewo.